Manja a Feston

Ku Joni sindinapite kukadula mitengo. Ndinapita kukafuna ntchito iliyonse, monga ankachitira amuna ambiri a kwathu kuno kumunsi kwa Michesi nandolo akakana. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu, khanda lili kumsana, wamkulu atamugwira padzanja. Sanalire. Anangondifunsa ngati ndatenga juzi.

Za ulendowo ndatsala ndi zochepa m'mutu: kutentha kwa ku Tete, mapazi kutupa m'basi, ndi mtima kugunda pachipata chilichonse. Ku Jubeki ndinatsukako magalimoto, ndikugona pansi m'chipinda cha anthu ena, koma sindinakhazikike. Tsiku lina wina anati kumapiri a ku Kepi akufuna anthu osaopa kukwera. Ndinati ine ndinakulira pampata wa Fort Lister, Mulanje mbali iyi Michesi mbali iyo, phiri lingandiopse chiyani? Ndinakweranso basi.

Mapiriwo anali a boma. Boma linapereka ntchito kwa bwana wina wa kontilakiti, bwanayo n'kulemba ife. Tinkagona m'makontena achitsulo m'tsinde mwa phiri, ozizira koopsa nthawi ya mvula, otentha ngati uvuni nthawi ya dzuwa. Ntchito yake nditaimva koyamba ndinayesa kuti chizungu chandiphonya. Akuti paini ndi mitengo ina yachilendo inathawa m'minda kalekale n'kudzaza phiri lonse. Imamwa madzi mpaka mitsinje kuuma, imapha tchire la komweko, ndipo ikagwira moto, motowo suyenda pansi ayi, umayenda m'mwamba, kudumpha misewu mpaka kukafika kunyumba za anthu. Ndiye ife tinkaidula, kupaka mankhwala abuluu pazitsa kuti zisaphukire, kuunjika nthambi m'milu, ndi kulambula njira zikuluzikulu zoti moto ukafikapo uime. Nyengo yozizira ikafika, milu ija tinkaiwotcha tokha.

Kuwotchako ndiye kunkandipweteka mtima. Mitengo yowongoka, yokwana kumangira madenga a mudzi wonse, kuithira mafuta n'kuyatsa chifukwa choti kumene inaliko galimoto sikanafika. Ndinkaona mayi anga akutsika Michesi ndi kamtolo ka nkhuni, mawondo akunjenjemera. Zimenezo sindinazizolowere mpaka tsiku lochoka.

Feston ndinakumana naye m'mawa woyamba. Ndinkalimbana ndi zingwe za jombo uku ndikudzilankhulira ndekha, munthu wina kumbuyo kwanga n'kuti, "Moseliwa?" Moni wachilomwe, kutali konseko! Nditatembenuka ndinaona chimunthu chachitali, makina ochekera mitengo ali paphewa.

"Kwanu n'kuti, achimwene?"

"Ku Fort Lister."

"Ine wa ku Jenala. Ndiye mwasiya phiri lanu kudzasamala la eni ake?" Anaseka mpaka makina kugwedera. "Bwerani, muzikoka nthambi kumbuyo kwanga. Enawa ndi aulesi."

Kuyambira pamenepo iye kutsogolo, ine kumbuyo. Amati akaugwira mtengo ndi dzanja limodzi, kuyang'ana kumwamba, kumva kumene mphepo ikuchokera, mtengowo unkagwa pomwe iye wafuna. Manja akewo sankapuma. Lamlungu ankatimeta tonse tsitsi. Akatha ankavundikira ndowa pansi n'kuyamba kuimba ng'oma ya tchopa, ine n'kuvina ndekha pakati pa anthu a ku Zimbabwe, a ku Lesotho ndi eni dziko, onse akufa ndi phwete. Ankaphikanso nyemba zina zikuluzikulu za m'sitolo n'kumaumirira kuti zikufanana ndi kalongonda. Sizinkafanana ngakhale pang'ono, koma tinkadya osatsutsa.

Kumtunda kwa makontena kunali thanthwe pomwe foni inkagwira. Feston ankakwerapo kukalankhula ndi mkazi wake Esnart pa kamera. Ankamuonetsa phiri, jombo, makina, nthawi zina n'kundikoka pakolala. "Mayi a Chisomo, uyu ndi wakwathu. Akandiona ndi mkazi wina adzakuuzani." Esnart ankaseka atabisa kukamwa ndi chitenje. "Alamu, muzindiyang'anira ameneyo."

Kapitawo wathu anali mayi wamfupi wachiXhosa amene tonse tinkangomutchula Sisi. Ankayenda ndi wezulo m'khosi, ndipo sindinamuonepo atakhala pansi ntchito ili m'kati. Asanayatse mulu uliwonse ankabwereza mawu omwewo mpaka kutitopetsa: moto ukakutembenukira usathawire kumtunda, chifukwa umakwera phiri mofulumira kuposa munthu. Thawira pakuda, pomwe papsa kale. Ife tinkamuyeserera kalankhulidwe akapotoloka.

Zina ndimazikumbukira zosalongosoka. Mvula ya mu Juni yogwa cham'mbali, zala kuuma mpaka kulephera kugwira chikwanje. Mphiri imene inali itagona m'mulu wa nthambi, ine n'kuinyamula pamodzi ndi nthambizo, Feston n'kundikankhira uko. Anyani amene ankatsegula zikwama zathu n'kudya buledi yense ife tikuwaonera kutsidya la chigwa. Kutauni kumene tinkapita kukatumiza ndalama, tikuyenda mwachangu, osalankhulana, kuopa kuti chilankhulo chingatiulule. Galimoto ya polisi ikadutsa, aliyense ankayang'ana nsapato zake. Mapepala athu anali atatha kalekale.

Ndipo chaka chilichonse ndinkati chino ndiye chomaliza. Mkazi wanga ankati nyumba yafoleredwa, bwerani. Ine ndinkati ndimalize kaye phiri ili. Tikamaliza, ankatisamutsira ku lina, ndipo tikabwerera kumene tinayambira tinkapeza timitengo tatsopano taphuka ngati mpunga wa ku Chilwa. Ndikakhala kuphiri mtima unkafuna kumudzi. Ndikangoganiza zokwera basi, miyendo inkalemera. Ndinkagona ndi chikwama chomanga kale pansi pa bedi, osachimasula, osachinyamula.

Tsiku la ngozi, milu tinali titaiwotcha masiku angapo m'mbuyomo, ndipo tonse tinkati yazima. Koma chitsa chimasunga moto pansi pa nthaka. M'mawa umenewo kunabwera chimphepo chotentha chochokera kumtunda, chowumitsa milomo. Pofika masana utsi unali utayamba kutuluka m'chigwa chimene tinali tisanamalize kudula. Sisi anatitengera komweko ndi zomenyera moto zamphira, kuti tiugwire usanakule. Feston anamutuma kumtunda pang'ono kuti agwetse mzere wa paini moto usapeze pokwerera.

Poyamba zinkaoneka ngati zitheka. Kenaka mphepo inatembenuka. Ndinamva phokoso ngati lole ikubwera, kuwala kwa dzuwa n'kusanduka kofiira. Sisi analiza wezulo. Tonse tinadumpha lawi laling'ono la kumbali n'kugwera paphulusa lotentha, pomwe panali patapsa kale. Nditadzuka ndinayang'ana uku ndi uku. Feston panalibe. Makina ake ankamvekabe kulira kumtunda. Anali atavala zotseka m'makutu, wezulo sanaimve.

Ndinakuwa dzina lake mpaka mawu kutha. Ndinafuna kuthamangirako, amuna awiri n'kundigwetsa pansi, kundikhalira. Makina anasiya kulira. Moto unadutsa pamalo pajapo, n'kupitirira kumtunda.

Amene anayamba kukwera ndi Sisi, utsi usanathe, ine pambuyo pake. Tinamupeza atadzipanikiza kuseri kwa mwala. Anali atavula magolovesi kuti amasule makina amene anakodwa mumtengo, ndipo moto utafika anaphimba nkhope ndi manja opanda kanthu. Maso anapulumuka. Khutu lakumanzere ndi tsaya zinapsa. Za manjawo sindifuna kufotokoza. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, makina a eni ake apsa."

Kuchipatala anamulandira osafunsa mapepala, zimene ine ndinkaopa njira yonse. Anakhalako nthawi yaitali. Anamudula chikopa pantchafu kukamata m'manja. Atatuluka, zala zinali zitapindika, zina zitamatana, zosatha kufumbata kapena kutambasuka. Bwana wa kontilakiti anabwera kamodzi, kulankhula mokoma, n'kumupatsa ntchito yolondera kontena ya zida. Sisi ndiye amene anakalipa mpaka zimenezo zitheke.

Miyezi imeneyo ine ndinali manja ake. Ndinkamumanga mabatani, kumuveka jombo, kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni. Poyamba ankachita nthabwala kuti wapeza mkazi wandevu. Kenaka anasiya. Ndowa ija inangokhala yotungira madzi. Pathanthwe ankakwerabe, ine n'kumugwirira foni kukhutu labwinolo, koma kamera ankakana.

"Kamera inafa, mayi a Chisomo. Foni inagwera m'madzi."

Titatsika ndinkamuuza kuti, "Achimwene, mkazi wanu ndi munthu wamkulu. Muuzeni."

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti ndinachoka ndi manja, ndikubwera ndi zitsa? Khasu ndidzaligwira ndi mano? Ine ndine mkamwini, ndili pamudzi pa eni, achimwene. Akuchikazi adzati tikudyetsa chiyani apa."

"Ndiye mukhala kuno mpaka liti?"

"Mpaka liti mpaka liti, inu bwanji simunapite?"



Kontilakiti inatha. Amene anatenga malo a bwana uja anati akufuna anthu a mapepala okhaokha, ndipo gulu lathu linabalalika tsiku limodzi. Feston anapeza malo kutchalitchi ina m'lokeshoni, kumalondera geti n'kumagona m'kachipinda kuseri. Anali ataphunzira kugwira kapu ndi manja onse awiri, ndi kukanikiza foni ndi chala chimodzi. Ine ndinazungulira pang'ono kufuna ganyu, osapeza. Ndinatulutsa chikwama chija. Potsanzikana Feston anandipatsa bulangete ndi nsapato za mwana wake.

"Mukawapatse. Mukanene kuti ndili bwino, ntchito yachuluka. Osawonjezera kanthu."

Kumudzi ndinafika ngati mlendo wolemekezeka amene anthu akudikira kuti atsanzike. Mkazi wanga anandilandira bwino, koma anali atasanduka munthu wina. Anali ndi sikelo yake pa Migowi, akugula nandolo ndi mpendadzuwa, akulankhula ndi madalaivala a malole mawu osanjenjemera. M'mawa ankanyamuka ine ndisanamalize kusamba. Khanda lija linali kusukulu, ndipo linkandipatsa moni mogwada patali, ngati m'busa. Wamkuluyo mawu anali atakula, chilichonse ankafunsa amalume ake, ine nditakhala pomwepo. Amalume akewo, mchimwene wa mkazi wanga, anali atayamba kuwotcha makala. Michesi nditamuyang'ana sindinamuzindikire: m'mbali monse mbee, ndi zipsera zazitali zofiira momwe napolo anadutsa ine kulibe. Ndinayesa kulankhulapo.

"Alamu, mitengo imeneyi ikatha, miyala ija idzatsikanso."

"Inu munakawotcha mitengo kwa eni ake akukulipirani. Ife tikawotcha kuti tidye ndiye tchimo?"

Kunena zoona, sindinkatha kukhala pansi. Ndinkalima mizere ingapo n'kusiya. Ndinkayenda mpaka kumabwinja a Fort Lister popanda chokatenga, n'kubwerera. Ana akayatsa tchire kusaka mbewa, ndinkapezeka ndaimirira, ndikununkhiza mphepo kuti ikulowera kuti, thukuta lili kamukamu. Anthu anayamba kunena kuti ku Joni kunandisokoneza mutu.

Ndipo ku Jenala sindinapite. Bulangete ndi nsapato zinakhala pamwamba pa kabati. Ndinkati mawa, njinga ilibe mpweya. Mawa, kuli maliro. Bodza la Feston ndinkaliyeserera m'njira, koma likafika pakamwa linkakana.

Esnart ndiye anabwera yekha. Anamva kwa anthu kuti mwamuna wa mayi wa sikelo wabwera kuchokera ku Kepi. Anatipeza pa Migowi tsiku la msika, ine ndikuthandiza kusoka matumba. Anatsika pa kabaza, mkazi wochepa thupi kusiyana ndi momwe ankaonekera pafoni, n'kuima patsogolo panga.

"Alamu, mwandiiwala?"

Mkazi wanga anatitengera kuseri kwa sitolo kumene ankasungira katundu, n'kuyala thumba pansi. Tinapatsana moni wonse, wa ana, wa mvula, wa ulendo. Ndinayamba mawu aja, akuti ali bwino, ntchito yachuluka. Anandidula.

"Ndinakutumani kuti muzindiyang'anira. Ndiuzeni chimodzi chokha. Mkaziyo ali naye ana?"

"Mkazi uti, alamu?"

"Musandiyese mwana. Munthu amene ankandionetsa ngakhale mbale yomwe wadyera, lero kamera inafa. Foni imafa kamera nthawi yonseyi? Kwathu akundiuza kuti ndipite kwa ankhoswe ukwati uthe. Pali munthu wina wayamba kale kufunsira. Ine ndangofuna kumva kwa inu."

Ndinayang'ana mkazi wanga. Iye yekha ndi amene ndinali nditamuuza. Anangoti, "Bambo, nenani."

Ndinanena zonse, kuyambira chimphepo chija mpaka kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Esnart sanalire. Anakhala akuyang'ana manja ake omwe, akuwatembenuza pamiyendo. Kenaka anadzuka mwadzidzidzi.

"Chitsiru cha munthu. Ine kuno anthu akundiseka kuti anandithawa, iye wabisala ngati wakuba. Muimbireni."

"Alamu, anandiletsa."

"Muimbireni, ndili pompano."

Ndinaimba pafoni yanga. Feston atayankha, "Achimwene, mwafika nazo?" Esnart anandilanda.

"Bambo a Chisomo, tsegulani kamera."

Kunja madalaivala ankaitana anthu, wina ankakangana za sikelo. Ndinayesa kuti Feston wadula.

"Ndamva zonse. Ndati tsegulani."

Patapita nthawi chithunzi chinabwera: denga la malata, kenaka theka la nkhope, labwinolo. Esnart anati atembenuke. Anatembenuka. Anati aonetse manja. Anatsamiritsa foni penapake n'kuwakweza onse awiri. Mkazi uja anayang'ana nthawi yaitali, foni ili pafupi ndi maso.

"Mwaonda," anatero. "Mukudya chiyani kumeneko?"

Feston analira ngati mwana, chinthu chimene sanachite ngakhale tsiku limene tinamunyamula kuphiri. Atatonthola anayamba zifukwa zake: khasu, achibale, komanso kuti ulendo wonsewo yekha sangathe, chikwama sanganyamule, pachipata pepala sangatulutse m'thumba. Esnart anatembenukira kwa ine.

"Alamu, njira mukuidziwa."

Ndinachita manyazi ndi momwe mtima wanga unadumphira. Mkazi wanga anaona. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinadziwa kale kuti miyendo ikukuyabwani. Pitani. Koma mukakhalako ndi kunena kuti ndimalize kaye phiri ili, musadzandipezenso pano ndikudikira."

Ndinapita. Sindinama, nditaona mapiri aja patali, ena ali ndi utsi, ndinafuna kutsika kukafunsa ngati Sisi ali ndi gulu latsopano. Sindinafunse. Ndinamutenga Feston, tinakatenga kalata yotulukira ku ofesi ya dziko lathu, n'kukwera basi. Njira yonse sanalankhule zambiri. Tikuwoloka ku Tete anati titsike tibwerere. Pa Mwanza anateronso. Ndinamuuza kuti atsike yekha ngati angathe kutsegula chitseko. Anandinyoza m'Chilomwe, kenaka n'kuseka, koyamba.

Ku Jenala tinafika dzuwa lili pamutu. Mbiri inali itawanda, ndipo pabwalo panali anthu ambiri kuposa amene Feston akanafuna: apongozi ake, alamu ake, ana a mudzi wonse. Iye anatsika panjinga yamoto atavala jekete ngakhale kunkatentha, chipewa chitaphimba khutu, manja onse ali m'matumba. Anaima pamenepo, chimunthu chonse chija, osadziwa kolowera.

Esnart anatuluka m'nyumba, osathamanga. Anafika patsogolo pake, kupinda mawondo pang'ono mwaulemu, n'kutambasula dzanja kuti apereke moni. Feston anayang'ana pansi. Dzanja lija linakhalabe m'malere. Ana anasiya phokoso. Apongozi anatsokomola. Esnart sanalibweze.

Potsiriza Feston anatulutsa lake. Mkazi wake analigwira ndi manja awiri, anthu onse akuona, ndipo sanalisiye. Anamukoka nalo lomwelo kupita naye pakhonde.

Wina anandibweretsera mpando. Ndinathokoza, koma ndinaimabe.